Choko cha a Diso

Pa fakitale ina ya nsalu panali bambo amene ntchito yawo inali kuyang'ana basi. Anzawo ankasenza mipukutu ndi kuthira oyilo m'makina, thukuta lili kamukamu, koma iwo ankalandira malipiro chifukwa chokhala ndi maso kumutu. Ankawatcha a Diso. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma eni ake analivala ngati mendulo, moti patapita zaka ngakhale akazi awo, zikawafika pakhosi, ankawaitana dzina lomwelo.

Malo awo anali kumapeto kwa holo yaikulu, kumene nsalu imafika ikatha kuombedwa ndi kudindidwa maluwa. Panali tebulo lagalasi lopendekeka, magetsi akuwala kunsi kwake, ndipo nsalu inkatsetsereka pamenepo kuchoka pa mpukutu wapamwamba kupita pa wapansi, kuyambira belu la m'mawa mpaka la madzulo. A Diso ankaima patsogolo pake, phazi lili pa chopondera choimitsira makina, choko chachikasu chili m'manja. Pakadutsa ulusi woduka, mfundo, kadontho ka oyilo kapena kabowo kochepa ngati ka singano, ankaponda, makina n'kuima, iwo n'kuzunguliza pamalopo ndi choko. Zoona zizinenedwa, ntchitoyi ankaidziwa. Pa zaka makumi atatu panalibe wogula anabwezapo nsalu imene inadutsa pamaso pawo.

Luso limeneli linachokera kutali. Bambo awo anali telala waukali, wosadziwa kuyamika, ndipo mawu okoma okhawo amene a Diso anamva ali mwana anali a tsiku limene anatola singano imene banja lonse linalephera kuipeza pansi. Kuyambira pamenepo anaganiza kuti munthu ndi maso, zina zonse ndi nyama chabe.

"Usamaone nsalu," ankauza aliyense amene kapitawo wamubweretsa kuti aphunzire ntchito. "Ukangoyamba kusirira maluwa, wagwa nayo. Maluwa ndi a ogula. Iwe uzifuna cholakwika basi. Pamene palibe cholakwika pazingodutsa ngati madzi."

Ndipo kwa iwo pankadutsadi ngati madzi. Tsiku lina pa nkhomaliro anzawo anawafunsa dala kuti nsalu imene akhala akuiyang'ana m'mawa wonse inali ya mtundu wanji. A Diso anati yabuluu. Inali yofiira, yokhala ndi mbalame zikuluzikulu zotambasula mapiko. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma iwo sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Koma mfundo zinalipo khumi ndi zinayi," anatero. "Kawerengeni, akhungu inu." Anthu onse a padziko lapansi ankawaika m'gulu limenelo, la akhungu oyenda maso ali mwaa.

Vuto linali lakuti belu la madzulo likalira, makina ankazima koma a Diso ayi. Ankafika kunyumba, moni asanapereke, n'kuona fumbi pa wailesi, katani yopendekeka, batani losokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu ndi malaya. Akazi awo anachotsedwa dzino lakutsogolo n'kuikidwa lina, ndipo a Diso anazindikira tsiku lomwelo kuti latsopanolo ndi loyera kuposa anzake. Zoti mayiwa anakhala milungu iwiri tsaya lili lotupa, akutafunira mbali imodzi, sanazione. Ana awo aamuna awiri atangomera ndevu anachoka pakhomo, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, atayamba apukuta nsapato kawiri.

Panatsala mwana wotsiriza, wamkazi. Ameneyu ndiye anali ndi chinthu choti n'kutaya. Anali atalephera kawiri mayeso omaliza a ku pulayimale, ndipo a Diso anali atanena pamaso pa aliyense kuti akalepheranso kachitatu, sukulu yathera pomwepo. Mtsikanayu ankaikonda sukulu mochititsa chisoni. Chilichonse cholowa m'khutu mwake sichinkatulukanso. Nkhani za pa wailesi ankazibwereza liwu ndi liwu, ndipo masamu a pakamwa ankayankha wofunsa asanatseke kamwa. Koma makope ake anali ngati mwadutsa nkhuku.

Chifukwa chake chinali chapafupi kwambiri. Mwanayu sankaona kutali. Chinthu chikatalikira kupitirira mkono wake chinkasanduka nkhungu. Bolodi ya m'kalasi kwa iye inali chikuda chachikulu chokhala ndi timabanga toyera, ndipo poti anali wamtali komanso wobwereza, ankamukhazika kumbuyo kwenikweni. Ankakopera kwa mnzake wapambali, amenenso mutu wake sunkagwira, ndipo mnzakeyo akabisa kope ndi chigongono, iye ankangolota. Sanadandaulepo. Akanadandaula bwanji? Anabadwa choncho, ndipo ankayesa kuti anthu onse amaona nkhungu yomweyo, kungoti anzake ndi anzeru zolota bwino.

Musaganize kuti a Diso sankaona kanthu. Ankaona zonse, chimodzichimodzi, n'kuzipatsa mayina. Mwana akadutsana ndi azakhali ake pamsewu osapereka moni, unali mwano. Akapunthwa pa sitepe, kunali kuyenda ngati ng'ombe. Akayang'ana munthu wamkulu atatsinzina pang'ono, tsinya lili pamphumi, chinali chipongwe. Akamawerenga buku litagunda mphuno, a Diso ankaseka n'kumati, "Kodi mawuwo amanunkhira?" Mpaka anamupatsa dzina loti Kanunkhiza, ndipo linafalikira mumsewu monse.

Lamlungu lililonse masana linali tsiku loyendera makope. A Diso ankakhala patebulo la pabalaza atapinda mikono ya malaya, choko chawo cha kuntchito chili m'manja. Mwanayo ankaima pakhomo lolowera kukhitchini, manja kumbuyo, chifukwa bambowa sankafuna kupumiridwa m'khosi. Tsamba lililonse lokhala ndi cholakwika ankaliimitsa. Apa 3 wasanduka 8. Apa mzere wonse wadumphidwa. Apa pali mawu amene kulibe m'chinenero chilichonse. Choko chinkazungulira mpaka kope lonse kukhala lachikasu.

M'makope momwemo munali masamba ena oyera bwino, opanda cholakwika ngakhale chimodzi, zilembo zake zazing'ono zoongoka ngati zodinda. Amenewo anali masamba amene mwanayo anakopera kuchokera m'buku, mphuno itagunda pepala. Yankho lonse linali pamenepo. Wina aliyense akanadzifunsa kuti bwanji za m'buku zikutuluka bwino pamene za pa bolodi zikutuluka zopindika. Koma masamba oyerawo a Diso ankawatembenuza ndi chala chonyowetsa malovu, awiriawiri, osaima. Munalibe ntchito ya choko.

Akazi awo ndiwo anaziona, ngakhale sukulu sanapite nayo patali. Tsiku lina ataika kapu ya tiyi patebulo anagwira tsamba limodzi kuti lisatembenuzidwe.

"Bambo ake, tayang'anani apa. Bwanji apa palibe cholakwika?"

"Ndiye umboni wake umenewo. Akafuna amatha. Kwinaku ndi ulesi basi."

"Ine ndimati mwina ndi maso. Dzana ndinamukodola ndili tsidya la msewu, iye kumangoyang'ana ngati waona mtengo. Bwanji tipite naye kuchipatala akamuone?"

A Diso anaika choko pansi pang'onopang'ono. Panalibe mawu owalasa kuposa amenewo.

"Maso? M'nyumba mwanga muno? Mayi, ine ndimaona ulusi umodzi pakati pa zikwi, nsalu ikuthamanga. Mwana wanga akhale wosaona, ine osadziwa? Tabwera kuno iwe, Kanunkhiza."

Anatumitsa singano yaing'ono kwambiri ya m'nyumbamo ndi ulusi wakuda. Mwanayo anabweretsa singanoyo pafupi ndi diso, ndipo kamodzi n'kamodzi ulusi unalowa. Anamuuza abwereze. Unalowanso.

"Mwaona? Inuyo mumalimbana nayo mpaka tiyi kuzizira. Wakhungu wake ndi ameneyu? Nkhani ya maso ndisaimvenso."

Ndi mmene anayezera maso a mwana wawo, katswiri wa kuona ameneyu. Moyo wawo wonse ankayang'ana zinthu zotalikira mkono umodzi kuchokera pamphuno, ndiye m'mutu mwawo kuona kunkathera pomwepo. Zoti amuimike mwanayo panja n'kumufunsa chimene chalembedwa pa golosale ya tsidya la msewu sizinawabwerere n'komwe. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma a Diso ankadekha pokhapokha pamene akusaka wolakwa.

Mwayi wina unabwera kutatsala miyezi inayi kuti mayeso alembedwe. Aphunzitsi a mwanayo, mayi otopa amene ankasunga ana oposa makumi asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, analemba kalata yoitana kholo. A Diso anavala jekete n'kupita okha, poti nkhani za sukulu, iwo ankati, si za azimayi. Aphunzitsiwo anawalandira pakhonde n'kuyamba kufotokoza kuti mwanayo ndi wanzeru, kuti akamufunsa pakamwa amaposa kalasi yonse, kuti anayesa kumuika kutsogolo koma akutsinzinabe, ndipo ndi bwino apite naye akamuyeze maso mayeso asanafike.

Tsoka lake, aphunzitsiwo anali atavala bulauzi ya maluwa imene utoto wake unadindidwa mophonya, wofiira utatuluka pang'ono kunja kwa mzere wa duwa lililonse. A Diso anaiona asanakhale n'komwe pansi. Nthawi yonse imene mayiwo ankayankhula, iwo ankagwedeza mutu n'kumati "Eya, eya," uku akutsatira cholakwikacho kuchoka paphewa mpaka m'chiuno, akudabwa kuti ndi chitsiru chanji cha fakitale iti chimene chinalola nsalu yotere kutuluka pageti. Anatsanzika mwaulemu, akumva chisoni kuti mwana wawo akuphunzitsidwa ndi munthu wosatha ngakhale kusankha nsalu.

"Akuti bwanji aphunzitsi?" anafunsa akazi awo.

"Zomwe ndimanena zija. Akuti nzeru ali nazo koma sakulimbikira."

Sankanama dala ayi, ndipo chonyansa chake n'chimenecho. Mawu aja anafika pakhutu n'kupeza mwini nyumba kulibe.

Mtsikanayo analimbikira kuposa kale. Ankadzuka m'mamawa kuloweza mabuku a mnzake. Pepala la mayeso analiona bwinobwino, poti linali pafupi, koma masamu onse a zaka zisanu ndi zitatu anaphunzitsidwa pa bolodi, ndipo mapu ndi zojambula za sayansi anali asanazionepo mmene zimakhalira. Tsiku la zotsatira anapita ndi bambo ake. Mayina a okhoza anamatidwa mkati mwa zenera la ofesi, ndipo anthu anali atadzaza pamenepo akukankhana. A Diso sanafune kudetsa nsapato. Anaima kumbuyo kwa gulu lonse n'kuwerenga mayinawo ali pomwepo, kuchokera pamwamba mpaka pansi, mokweza ndithu, kuti oyandikana nawo adziwe kuti pali anthu ena a maso.

"Mulibe," anatero. "Tiye."

Mwanayo anapempha kuti afike pafupi akaone yekha. Iwo anati sanaphonyepo kanthu chibadwire.

Kunyumba amayi ake anagwada, chinthu chimene anali asanachitepo m'banjamo. Anapempha chaka chimodzi chokha, ndiponso kuti ayambe apita naye kuchipatala.

"Kuntchito kwathu," anayankha a Diso akumasula zingwe za nsapato, "nsalu ikalakwika katatu sibwereranso pamakina. Imapita kwa ogula zigamba, pa kilo."

Mwanayo anamva ali kukhitchini. Anasonkhanitsa makope ake achikasu aja n'kuwaika pansi pa bedi, ndipo analira masiku atatu mosatulutsa mawu. Anakhulupirira kuti ndi chitsiru, poti wanena ndi munthu amene saphonya.

Zinadutsa zaka zisanu ndi ziwiri. Anzake a m'kalasi ena anakhala anamwino, ena aphunzitsi, ngakhale uja wobisa kope ndi chigongono anapeza ntchito ya mu ofesi. Iye ankapinda mipendero ndi kusoka mabatani kwa telala wa pakona, nkhope itagunda nsalu, ndipo makasitomala ankayamikira kuti misoko yake sioneka. A Diso akamva zimenezi ankati mwanayo watengera maso a bambo ake, kungoti mutu ndi wa kuchikazi.

Chaka chimene a Diso ankayembekezera kupuma pantchito, fakitale inafuna atsikana opinda ndi kulongedza nsalu. Iwo anakayankhula ndi kapitawo, mwana wawo n'kulembedwa. Lamulo la pamenepo linali lakuti chaka chilichonse kumabwera namwino kudzayeza maso a oyang'ana nsalu pamodzi ndi onse olembedwa kumene. Tsiku limeneli kwa a Diso linali ngati la ukwati. Matebulo a m'kantini ankakankhidwira kukhoma, chikwangwani cha zilembo n'kupachikidwa kutsogolo, ndipo anthu ankakhala pamabenchi kudikira mayina awo.

A Diso anayamba. Anawerenga mizere yonse mpaka wapansi, diso lamanja, diso lamanzere, kenako popanda wowafunsa anawerenganso timawu ta kampani yosindikiza chikwangwanicho tomwe tinali pakona. Anauzanso namwinoyo kuti chikwangwani chake chapendekeka. Atatha sanabwerere kumakina. Anaima pakhomo la kantini, manja m'thumba, kuti aone mmene akhungu enawo avutikire.

Dzina la mwana wawo linaitanidwa. Anaima pamzere wojambulidwa pansi n'kuphimba diso limodzi.

"Tayambani mzere wachinayi, achemwali," anatero namwino.

Chete.

"Chabwino, wachiwiri."

Mtsikanayo anatsinzina, khosi litasololoka. Palibe chinatuluka.

"Nanga chapamwamba penipeni, chachikulucho?"

"Pali chakuda," anayankha motsitsa mawu. "Koma sindikudziwa ngati ndi chilembo."

Pamabenchi wina anaseka. Chimene chinawapweteka a Diso sichinali china koma kuti mwanayo akuwachititsa manyazi pamaso pa anthu amene iwo anawanyoza zaka makumi atatu.

"Musataye naye nthawi, anamwino," anatero ali pakhomopo. "Sukulu inamukana ameneyo."

Namwinoyo anatenga kakhadi ka zilembo zing'onozing'ono n'kumupatsa mtsikanayo m'manja. Iye anakabweretsa pamphuno n'kuwerenga konse, mofulumira, osapunthwa paliponse. Kenako namwino anamukhazika pampando, n'kumuveka chimango cholemera cha magalasi oyesera, ndipo anayamba kulowetsamo magalasi, kuchotsa, kuikamo okhuthala kuposa oyamba. Pa galasi lachisanu mtsikanayo anagwira mpando ndi manja onse awiri.

Anawerenga chikwangwani chonse mpaka pansi. Sanaime pomwepo. Anatembenuka n'kuwerenga chenjezo la moto limene linali kukhoma lakutali, ndandanda ya mashifiti, nthawi pa wotchi ya pamwamba pa chitseko.

"Vuto limeneli si la dzulo," anatero namwino akulemba pa fomu. "Munthuyu wakhala chonchi kuyambira ali wamng'ono. Magalasi okha basi, akanaphunzira ngati wina aliyense. Kodi kunyumba kunalibe munthu woti n'kuona?"

Mitu yonse ya pamabenchi inatembenukira kukhomo. Kapitawo anatsokomola.

"Sananene," anatero a Diso. "Mwana akadwala amanena."

"Ndikananena chiyani, bambo? Ine ndinkayesa aliyense amaona choncho."

Apa n'kuti mtsikanayo akuwayang'ana. Anali pamtunda womwe uja wa pakati pa tebulo la pabalaza ndi khomo la kukhitchini, ndipo aka kanali koyamba kuti aone nkhope ya bambo ake ikumuyang'ana iye. Mlomo wapamwamba unali utakwera mbali imodzi, mphuno itakwinyika ngati ya munthu amene waponda zonyansa. Nkhopeyo inali isanasinthe, poti eni ake sankadziwa n'komwe kuti aivala.

A Diso anayesa kukonza zinthu. Anati masiku ano kuli sukulu za akuluakulu, anati magalasiwo agula iwo, ndipo akasankha okha abwino, osati a chimango chokhota. Mwanayo anangowasiya ayankhule mpaka mawu anawathera.

"Zaka zonse zija," anatero pomaliza, "mukamanditcha chitsiru, nkhope yanu sindinkaiona. Ndiye ndinkadziuza kuti mwina mukunena ndi chisoni, mwina zikukupwetekani ngati mmene zinkandipwetekera ine. Ndinkakumverani chisoni, bambo. Kani mumandiyang'ana chonchi."

Namwino anamupempha kuti avule magalasi oyesera aja, poti pamzere panali anthu ena. Anachita kumupempha kawiri. Mtsikanayo anawagwirabe ndi dzanja limodzi, akuyang'ana kukhomo osaphethira, mpaka a Diso anayang'ana pansi.